Malasha, Mavoti ndi Mnyozo m'Mapiri a West Virginia

Boma la McDowell lili kumwera kwenikweni kwa chigawo cha West Virginia ku America, m'mapiri a Appalachia. Zigwa zake n'zopapatiza moti mtsinje, njanji ndi msewu zimalimbirana malo, ndipo nyumba zimangondondozana mzere umodzi m'mphepete mwa madzi. Mu 1950 m'bomali munali anthu 98,887. Pa kalembera wa 2020 anatsala 19,111. Kwa mibadwo itatu anthu akumeneko ankavotera chipani cha Democratic pafupifupi pa chisankho chilichonse, ndipo ngakhale mu 2008 Barack Obama anapambana m'bomali. Patangopita zaka 8, Donald Trump anakokolola mavoti 74 pa 100 alionse.

Anzanga ophunzira bwino kuno ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nkhaniyi amaidula mwachidule. Amati anthu a m'mapiriwo ndi mbuli, amadana ndi akuda, ndipo amadzibaya okha ndi voti yawo. Kumapiriko nakonso ali ndi zawo zonena: akuti a m'mizinda sanagwirepo fosholo, saopa Mulungu, ndipo amalemekeza mitengo ndi nsomba kuposa anthu. Mbali yoyambayo ku America amaitcha ma liberal, ofuna kuti boma lalikulu liteteze osauka, chilengedwe ndi magulu amene kale ankasalidwa. Inayo ndi ma conservative, oumirira pa chipembedzo, ufulu wosunga mfuti, banja lachikale ndi msonkho wochepa. Mnyozo umene uli pakati pawo anthu amati unabadwa ndi Trump kapena ndi Facebook. Ku McDowell ndi maboma oyandikana nalo, Mingo ndi Logan, mnyozowo ndi wakale kuposa pamenepo. Unafika nthawi imodzi ndi makampani a malasha, zipani zisanaganize n'komwe zoupezerapo mavoti.

Mu 1880 m'boma la McDowell munali anthu ongopitirira 3,000, olima chimanga ndi kuweta nkhumba zodzidyera m'nkhalango. Pansi pa minda yawo panali malasha a Pocahontas, osafuka utsi wambiri, amene opanga zitsulo ndi eni sitima zapamadzi ankawasirira. Njanji ya Norfolk and Western inafika m'dera la malashawa mu 1883, ndipo pofika 1892 inali itaboola mapiri mpaka kumtsinje wa Ohio. Njanjiyo isanafike pamudzi, ankayamba kufika ndi ogula malo, otumidwa ndi eni chuma akutali monga a ku Philadelphia. Ena ankagula munda wonse. Ena ankagula za pansi pa nthaka zokha, n'kumusiyira mlimi dothi lapamwamba ndi msonkho wake, pa mtengo umene nthawi zina sunkafika dola imodzi pa ekala.

M'zaka zomwezo nyuzipepala za m'mizinda zinatulukira mkangano wa mabanja awiri a m'mbali mwa mtsinje wa Tug Fork, a Hatfield ndi a McCoy. Anthu anaphanadi, ndipo usiku wa chaka chatsopano cha 1888 nyumba ya a McCoy inatenthedwa, ana awo awiri n'kuphedwa. Koma mtolankhani T. C. Crawford wa nyuzipepala ya New York World atapitako, zimene analemba, ndi buku limene anatulutsa mu 1889, zinaonetsa dera lonselo ngati la anthu olusa osadziwa lamulo. Zoti mkulu wa a Hatfield anali wamalonda a matabwa, wodziwa bwino khomo la khoti pa milandu ya malo, sizinawakomere owerenga. Chimene dziko linasunga ndi chithunzi cha munthu wandevu, wopanda nsapato, mfuti ili m'manja. Chithunzi chimenechi chinali ndi phindu kwa ena. Munthu ukamuyesa chilombo, kumulanda malo kumaoneka ngati kum'bweretsera chitukuko.

Panali mawu enanso, ofatsa, achifundo. Mu 1899 William Goodell Frost, mkulu wa koleji ya Berea ku Kentucky, analemba m'magazini ya Atlantic Monthly kuti anthu a m'mapiriwa ali ngati makolo akale a mtundu wa America amene akadali moyo, otsalira m'nthawi imene ena onse anaidutsa. Frost ankafuna ndalama zophunzitsira ana awo, ndipo cholinga chake chinali chabwino. Komabe mawu akewo ndi a Crawford ankagwirizana pa chinthu chimodzi, choti anthuwa ndi otsalira, oyenera kukonzedwa ndi ena. Mawu awiri amenewa, achipongwe ndi achifundo, akhala akusinthana pakamwa pa alendo kwa zaka zoposa 120.

Amene anadzaza migodiyo sanali a m'mapiri okha. Makampani anaitana akuda ochokera ku Virginia ndi ku Carolina, ana a akapolo, komanso anthu a ku Italy, Hungary ndi Poland, n'kuwakhazika m'makomboni olekanalekana. McDowell linasanduka boma la akuda ambiri, okhala ndi maloya awo, madokotala awo ndi nyuzipepala yawo m'tauni ya Keystone. Mu 1928 Minnie Buckingham Harper wa ku Keystone anakhala mayi wakuda woyamba m'dziko lonse la America kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo. Ndikamva wina akunena za dera limeneli ngati kuti munali azungu okhaokha, ndimadziwa kuti mbiri yake sanaiwerenge. Akufafaniza anthu omwe akunena kuti akuwaikira kumbuyo.

M'makomboni zonse zinali za kampani: nyumba, sitolo, tchalitchi, dokotala, ngakhale ndalama, poti ambiri ankalandira timapepala ndi tizitsulo togulira m'sitolo ya kampaniyo basi. Wolowa bungwe la ogwira ntchito ankatulutsidwa m'nyumba ndi alonda amfuti a kampani ya Baldwin-Felts. Pa 19 May 1920, m'tauni ya Matewan ku Mingo, alondawa atangomaliza kutulutsa mabanja, anakumana ndi mkulu wa apolisi Sid Hatfield ndi meya Cabell Testerman, amene anali kumbali ya ogwira ntchito. Mfuti zinalira ndipo anthu 10 anafa, meyayo ali m'gulumo. Pa 1 August 1921 Hatfield anawomberedwa pa masitepe a khoti ku Welch, likulu la McDowell, mkazi wake akuona. Mwezi womwewo usanathe, amuna a m'migodi pafupifupi 10,000, akuda ndi azungu pamodzi, nsalu zofiira zili m'khosi, ananyamula mfuti kulowera ku Logan. Pa phiri la Blair anamenyana masiku angapo ndi gulu la mkulu wa apolisi a bomalo Don Chafin, amene anatumiza ndege kukawaponyera mabomba. Anagonja pokhapokha pulezidenti Warren Harding atatumiza asilikali a dziko. Ambiri mwa amuna a m'migodiwo anali atangobwera kunkhondo ya ku Ulaya, ndipo sanafune kuloza mfuti yunifomu imene iwo eni anavalapo.

Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa Theba, ndipo anabwerako ndi njinga, sutukesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. N'chifukwa chake mbiri imeneyi sindiiwerenga ngati ya anthu achilendo. Ndikudziwa mmene zimakhalira pakhomo pamene mphamvu za bambo zinakalemeretsa mzinda umene ana ake sadzauona.

Ubale wa anthuwa ndi chipani cha Democratic unayamba mu 1933, pamene boma la Franklin Roosevelt linavomereza mwalamulo ufulu wokhala m'mabungwe a ogwira ntchito. M'miyezi yochepa bungwe la United Mine Workers, motsogozedwa ndi John L. Lewis, linalembetsa pafupifupi mgodi uliwonse wa kumwera kwa West Virginia. Mu 1946 linapeza thumba la ndalama za chipatala ndi penshoni, lotengedwa pa tani iliyonse ya malasha, ndipo patapita zaka 10 linali ndi zipatala zakezake ku Beckley, ku Man ndi kwina. M'nyumba zambiri chithunzi cha Roosevelt ndi cha Lewis zinkapachikidwa pakhoma limodzi ndi cha Yesu. Kuyambira 1932 mpaka 1996 West Virginia inavotera ma Democrat pa zisankho zonse za pulezidenti kupatula zitatu: 1956, 1972 ndi 1984. Mu 1980, dziko lonse likuthamangira kwa Ronald Reagan, chigawochi chinakhalabe ndi Jimmy Carter.

Choyenera kumvetsa apa n'chakuti anthuwa sanali ma liberal monga a ku Boston kapena San Francisco. Ankapemphera m'mipingo ya Baptist ndi ya Pentekoste, ankasaka agwape, ndipo za kuchotsa mimba ankazikana. Chimene chinkawamanga kuchipanicho chinali holo ya bungwe. Mmenemo wowauza za ndale anali mnzawo wotsika naye mumgodi, wolankhula ngati iwo, amene akanatha kumutsutsa pamaso n'kumuchotsa pa mpando. Chipani chinkawafika kudzera pakamwa pa munthu wofanana nawo.

Mu 1960 John F. Kennedy, Mkatolika wolemera wa ku Massachusetts, anabwera kudzapempha mavoti pa chisankho cha chipulula m'chigawo chimene Akatolika anali ochepetsetsa. Odziwa ndale ankati anthu a m'mapiri sangavotere Mkatolika. Kennedy anayenda m'makomboni, anafika ku Welch, anakhala pansi ndi amuna pa khomo la mgodi, ndipo njala imene anaona inamukhudza poyera. Anapambana ndi mavoti pafupifupi 61 pa 100. Lamulo lake loyamba atalowa m'boma linali loonjezera chakudya kwa mabanja osowa, ndipo mu May 1961 makuponi oyamba a chakudya a ndondomeko yatsopanoyo anaperekedwa ku McDowell, kwa bambo wa m'migodi amene ntchito inamuthera, ali ndi ana 13.

Njala imeneyo inabwera ndi makina. Mu 1950 Lewis anagwirizana ndi makampani akuluakulu kuti alowetse makina okumba, malinga ngati otsala pa ntchito azilandira bwino. Chaka chimenecho West Virginia inali ndi ogwira ntchito m'migodi pafupifupi 120,000. Pofika 1960 sankafikanso 50,000. Oyamba kuchotsedwa anali akuda, poti ntchito zoyendetsa makina sankapatsidwa. Mabanja anakwera magalimoto kulowera ku Columbus, Cleveland, Detroit ndi Chicago. Mu 1997 chigawochi chinakumba matani pafupifupi 180 miliyoni, ochuluka kuposa chaka china chilichonse, ndi anthu osakwana 20,000. Ntchito zambiri za malasha zinatha lamulo lililonse loteteza chilengedwe lisanalembedwe, ndipo andale a mbali zonse ziwiri mfundo imeneyi amailambalala.

Umphawi utaonekera, makamera anafika. Mu April 1964 pulezidenti Lyndon Johnson anajambulidwa atanjuta pa khonde la banja losauka ku Inez, ku Kentucky, kutsidya kwa Tug Fork, polimbikitsa nkhondo yake yolimbana ndi umphawi. Nthawi yomweyo sewero la The Beverly Hillbillies, loseka banja la kumapiri losadziwa za m'tauni, linali pakati pa mapulogalamu oonedwa kwambiri pa wailesi ya kanema. Dziko linkawalirira anthuwa pa nkhani za madzulo n'kuwaseka ola lotsatira. Agogo ena aakazi amene ndinkawasamalira, obadwira ku McDowell, amene anasamukira ku Columbus amuna awo atachotsedwa ntchito, anandisimbira za masiku amenewo ndikuwapesa tsitsi. Anati, "Mwanangu, ankabwera ndi makamera n'kujambula nyumba yakugwa imene munalibe munthu. Yathu inali pafupi pomwepo, yopaka utoto, maluwa ali pakhonde. Sanaijambule." Ndinawafunsa kuti, "Nanga thandizolo, agogo, silinakuthandizeni?" Anavomera kuti linathandiza, ana anadya. Kenaka anandiuza kuti ana omwewo atayamba sukulu ku Columbus anasiya kulankhula m'kalasi, chifukwa akangotsegula pakamwa anzawo ankaseka kalankhulidwe kawo.

Anthu amene amanenedwa kuti sadziwa chowathandiza ndi omwe anakakamiza dziko kuvomereza matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la malasha, amene kumeneko amati black lung. Mgodi wa ku Farmington utaphulika mu November 1968 n'kupha anthu 78, ogwira ntchito oposa 40,000 ananyanyala ntchito kumayambiriro kwa 1969, osadikira chilolezo cha atsogoleri a bungwe lawo, mpaka nyumba ya malamulo ya chigawo inavomera kuti odwala matendawa azilipidwa. Chaka chisanathe, boma la ku Washington linakhazikitsa lamulo la umoyo ndi chitetezo m'migodi ya malasha.

Mng'alu umene tikuuona lero unaonekera bwino mu 1974 ku Kanawha, boma limene kuli mzinda wa Charleston. Komiti ya maphunziro inavomereza mabuku atsopano oposa 300, ena okhala ndi zolemba za akuda monga Malcolm X ndi Eldridge Cleaver, ena ofunsa ana mafunso okhudza chikhulupiriro ndi ulamuliro wa makolo. Mmodzi wa a komitiyo, Alice Moore, mkazi wa mbusa, anawakana. Makolo a m'zigwa za kunja kwa mzinda anasaina zikalata zodandaula, anthu 12,000, koma komiti inapitiriza. Sukulu zitatsegulidwa mu September, ana masauzande anakhala pakhomo, ndipo amuna a m'migodi masauzande ananyanyala ntchito pogwirizana ndi makolowo. Zinafika poipa. Sukulu zinaphulitsidwa ndi mabomba, mabasi a ana anawomberedwa, mbusa Marvin Horan anamangidwa zaka zitatu, ndipo a Ku Klux Klan, gulu la azungu lodana ndi akuda, anabwera kudzachititsa msonkhano.

Sindingabise kuti tsankho linalipo pa nkhaniyi, ndipo kuphulitsa sukulu palibe chifukwa chimene chingakuyeretse. Koma panalinso kulira kwina kumene a mumzinda sanafune kukumva. Makolo ankafunsa kuti ndani ali ndi mphamvu pa mwana wawo, iwo kapena akatswiri amene sanawafunsepo kanthu. Poyankha, ophunzira a ku Charleston ndi atolankhani akutali anawatenga ngati mbuli zoopa mabuku. Amene anafika n'kukhala nawo pansi anali a bungwe la ma conservative la Heritage Foundation, limene linali litangokhazikitsidwa chaka chapitacho ku Washington, ndipo linatumiza loya wowathandiza. Ma conservative anaphunzirapo kuti munthu wa m'bungwe la ogwira ntchito, wovotera ma Democrat moyo wake wonse, angathe kukokedwa ngati wauzidwa kuti ophunzira amamunyoza. Ndipo pa nthawiyo sankafunika kunama, poti ankanyozedwadi.

Zaka za m'ma 1980 zinagwetsa holo ija. Kunyanyala ntchito kwa 1984 mpaka 1985 pa migodi ya A. T. Massey ku Mingo kunatha bungwe litagonja, ndipo Don Blankenship, amene anatchuka pa kulimbana ndi bungwelo, anadzakhala mkulu wa kampani yonse. Mu 1986 kampani ya U.S. Steel inatseka migodi yake ku Gary m'boma la McDowell. Migodi yatsopano inkatsegulidwa yopanda bungwe. Amene anatsala kufotokozera anthu za ndale anali abusa, mawailesi a ma conservative ndi makampani enieniwo, amene mu 2002 anayambitsa gulu la Friends of Coal n'kumata dzina lake pa magalimoto ndi pa masewera a mpira. Mdzukulu wa munthu amene anaponyeredwa bomba pa phiri la Blair tsopano ankauzidwa kuti iye ndi mwini mgodi ali mbali imodzi, mdani wawo ali ku Washington.

Mu 2000 Al Gore wa chipani cha Democratic, wodziwika ndi nkhani zoteteza chilengedwe, anagonja ku West Virginia. Chaka chapitacho khoti linali litagamula motsutsa kukwirira mitsinje ndi miyala yochokera pa nsonga za mapiri ophulitsidwa, ndipo anthu ankaopa za ntchito. Gulu la eni mfuti la NRA nalo linachita kampeni yamphamvu. Ku America pulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi za zigawo, ndipo George W. Bush anapeza 271, Gore 266. West Virginia inali ndi nthumwi 5. Dziko linakangana milungu yambiri za mavoti a ku Florida, koma chigawo chimene chinakhala ndi Carter chikanakhalanso ndi Gore, za ku Florida sizikanakhala ndi ntchito.

Kuchokera pamenepo mawu anayamba kulasa. Mu 2004 buku la Thomas Frank lonena za chigawo cha Kansas linafalitsa ganizo loti osauka a kumidzi amapusitsidwa kuti avote modzipweteka. Mu April 2008, polankhula kwa opereka ndalama ku San Francisco, Obama anati anthu a m'matauni aang'ono amene ntchito zinawathawa amawawidwa mtima n'kukakamira mfuti ndi chipembedzo. Ankayesa kuwamvetsa, koma ankalankhula za iwo kwa olemera, iwo kulibe, ngati kuti pemphero lawo ndi chizindikiro cha matenda. Pa 13 March 2016, muno mu Columbus, Hillary Clinton wa chipani cha Democratic, akuchita kampeni ya upulezidenti, anati boma lake lidzachotsa pa ntchito anthu ambiri a m'migodi ndi kutseketsa makampani a malasha. M'mawu omwewo anati safuna kuwaiwala anthuwo, ndipo anali ndi ndondomeko ya madola 30 biliyoni yothandizira madera awo, koma chimene chinamveka ndi chiganizo choyambacho. Mu May anapita ku Williamson, ku Mingo, kumene bambo wina wochotsedwa ntchito anam'patsira chithunzi cha banja lake pa tebulo, ndipo anapepesa. Mu September, pa phwando lopezera ndalama ku New York, anati theka la otsatira Trump ndi anthu onyansa makhalidwe. Mu 2018 ali ku Mumbai ananena kuti iye anapambana m'madera opanga magawo awiri mwa atatu a chuma cha dziko, madera oyang'ana kutsogolo. Malasha a McDowell ndiwo anasungunula zitsulo zomangira mizinda ya m'madera amenewo, ndiye tangoganizani mmene mawuwo anamvekera ku Welch.

Tsankho la khungu lili m'nkhaniyi ndithu. Pa chipulula cha ma Democrat mu 2008, mzungu mmodzi mwa asanu alionse ku West Virginia anavomera kuti khungu linamuthandiza kusankha, ndipo ambiri a iwo sanavotere Obama. Pa chipulula cha 2012 mkaidi wina wa kundende ya ku Texas anapeza mavoti pafupifupi 41 pa 100 popikisana ndi pulezidentiyo. Ine wakuda, wovala yunifomu ya wosamalira odwala, ndakumanapo ndi okalamba okana kuti ndiwakhudze. Koma tsankho lokha silingafotokoze chifukwa chimene McDowell linavotera Obama mu 2008, kapena chifukwa chimene Bernie Sanders, Myuda wa ku Brooklyn wodzitcha wa sosholizimu, anapambanira maboma onse 55 pa chipulula cha 2016.

Ma conservative nawo manja awo si oyera. Mu June 2008 wachiwiri kwa pulezidenti Dick Cheney ananena nthabwala yoti ku West Virginia apachibale amakwatirana, ndipo anachita kupepesa. Mu 2012 Mitt Romney, wopikisana ndi Obama m'chipani cha Republican, anajambulidwa mobisa akuuza olemera ku Boca Raton kuti anthu 47 pa 100 amadalira boma ndipo sangaphunzitsidwe kudzisamalira. Ku McDowell ambiri amakhalira penshoni, ndalama za olumala ndi makuponi, koma chaka chomwecho Romney anapambana maboma onse 55. Mu 2016 Kevin Williamson analemba m'magazini ya National Review kuti midzi ya azungu osauka yotereyi ndi yoyenera kufa. Ndipo mnyozo wobwezera uja umagwera kwambiri anthu a pomwepo. Judy Bonds, mwana wa bambo wa m'migodi, amene ankatsutsa kuphulitsa nsonga za mapiri chifukwa madzi a kwawo anaipa, ankatchedwa wogulitsa anzake, ndipo mu 2009 anamenyedwa mbama pa chionetsero pafupi ndi sukulu ya Marsh Fork. Chaka chotsatira mgodi wa Massey wa Upper Big Branch, m'chigwa chomwecho, unaphulika n'kupha amuna 29. Blankenship anakhala m'ndende chaka chimodzi.

Trump anafika ku Charleston mu May 2016, anavala chisoti cha mumgodi, anachita ngati akukumba ndi fosholo, ndipo analonjeza kuti ntchito zibwerera. Sizinabwerere, poti chimene chinagwetsa malasha pambuyo pa 2008 makamaka chinali gasi wotchipa, wina wokumbidwa m'West Virginia momwemo. Anthu ambiri kumeneko ankadziwa zimenezi. Ndikukhulupirira kuti chimene anavotera si lonjezolo kwenikweni. Anavotera munthu amene anawauza kuti ntchito ya makolo awo inali yolemekezeka, pamene mbali inayo inkamveka ngati ikuti ndi chinthu chochititsa manyazi. Chinanso chimene atolankhani amene anakhamukira ku Welch chisankho chitatha sankachitchula kawirikawiri n'chakuti mavoti a Trump m'boma lonselo sanafike 5,000. Akuluakulu ambiri a ku McDowell sanavote n'komwe.

M'zaka zimene mbali ziwirizi zinkatukwanana, makampani ogulitsa mankhwala anatumiza ku West Virginia mapiritsi opha ululu okwana 780 miliyoni pakati pa 2007 ndi 2012. Mtolankhani Eric Eyre wa nyuzipepala ya Charleston Gazette-Mail, amene anaulula zimenezi mu 2016, anapeza kuti sitolo imodzi ya mankhwala m'tauni ya Kermit, ya anthu osakwana 400, inalandira mapiritsi pafupifupi 9 miliyoni m'zaka ziwiri. M'zaka zimenezo mwamuna wa ku McDowell ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka pafupifupi 64, pamene wa ku Fairfax, pafupi ndi Washington, ankafika 82. Sitolo ya Walmart ya ku Kimball, kumene anthu ambiri a m'bomalo ankagula chakudya, inatsekedwa kumayambiriro kwa 2016. Lamulo la zaumoyo la Obama, limene ambiri kumeneko ankalitukwana, linapereka chithandizo cha chipatala kwa anthu oposa 150,000 m'chigawochi. Wa liberal akamva zimenezi amati ndi umboni wa umbuli. Ine ndimaona kuti panalibenso munthu wa pakati pawo, amene amamukhulupirira, woti awauze kumene khadi la chipatalalo linachokera.

Mu February 2018 aphunzitsi a ku Mingo, Logan ndi Wyoming, maboma amene Trump anapambana ndi mavoti ochuluka kwambiri, anayamba kunyanyala ntchito. Posakhalitsa sukulu za m'maboma onse 55 zinatsekedwa, ndipo zinakhala zotseka masiku 9. Aphunzitsi ndi mipingo ankalongedza chakudya cha ana amene amadalira nkhomaliro ya kusukulu. Ovotera Trump ndi ovotera Clinton anaima limodzi m'nyumba ya malamulo ku Charleston mpaka malipiro anakwezedwa ndi 5 pa 100, ndipo aphunzitsi a ku Oklahoma ndi Arizona anatengera. Chipani cha Democratic sichinapindule nazo kwenikweni. Bwanamkubwa Jim Justice, mwini migodi amene anasankhidwa ngati Democrat n'kulowa Republican mu 2017 ataima pambali pa Trump ku Huntington, ndiye anapambana mu 2024 mpando wa ku Senate umene Joe Manchin anasankhidwirapo ngati Democrat, chaka chimene Trump anapeza mavoti pafupifupi 70 pa 100 m'chigawochi.

Matenda a fumbi aja anabwerera, ndipo akugwira anthu aang'ono kuposa kale, chifukwa malasha okhuthala anatha ndipo makina tsopano amadula mwala wambiri wokhala ndi silica. Kafukufuku wa bungwe la boma la NIOSH mu 2018 anapeza kuti m'chigawo chapakati cha Appalachia, mmodzi mwa asanu alionse amene agwira mumgodi zaka 25 kapena kuposerapo ali ndi matendawa. Mu April 2024 boma la Joe Biden linatulutsa lamulo lodula ndi theka fumbi la silica lololedwa mumgodi. Mu April 2025, Trump atabwerera, kutsatira lamulolo kunaimitsidwa, ndipo ogwira ntchito a NIOSH ku Morgantown amene amajambula mapapo a anthu a m'migodi kwaulere anauzidwa kuti ntchito yawo yatha. Amene anakasuma anali bambo wa mumgodi wa ku West Virginia wodwala matendawa, ndipo mu May woweruza wa khoti la ku Charleston analamula kuti ntchito yojambula mapapoyo ibwezeretsedwe.